Pemphero Lopempherera Ophwanya ndi Ogaya Miyala

Mulungu Atate wathu, Namalenga, mkuwa ndi golide munazibisa m'thanthwe, ndipo simunaziunjike pamodzi ayi. Munazimwaza timibulu tosaoneka ndi maso, moti pa makilogalamu 100 a miyala ya mumgodi, mkuwa nthawi zambiri supitirira kilogalamu imodzi kapena awiri. Tikukuthokozani kuti munapatsa munthu nzeru zoutulutsira.

Tikupereka m'manja mwanu ana anu ogwira ntchito yophwanya ndi kugaya miyala ku Kitwe, ku Chingola, ku Solwezi, ku Kayelekera ndi kwina konse. Khalani ndi amene amaima pakamwa pa makina ophwanya matanthwe, pa malamba onyamula miyala, ndi pa zigayo zikuluzikulu zimene zimazungulira usana ndi usiku, mipira yachitsulo ikupera miyala m'madzi mpaka isalale ngati ufa. Mainjiniya apatseni diso lodziwa muyeso, pakuti akagaya pang'ono mkuwa umatsalira m'mwala, akapyoza muyeso magetsi amapita pachabe ndipo chuma chimathawira m'matope.

Koma chotiwawa kwambiri, Ambuye, ndi fumbi. Agogo athu ambiri amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba anabwera ndi njinga ndi mabulangete, komanso ndi chifuwa chosamva mankhwala. Fumbi la mwala likakhazikika m'mapapo silichoka, limasiya zipsera ndi kutsegulira njira chifuwa chachikulu. Musalole kuti zidzukulu zawo zidwale nthenda yomweyo. Gwirani mitima ya eni migodi kuti azithira madzi pamene pakufuka, azigula zotchingira kumphuno zenizeni, aziyeza antchito zifuwa nthenda isanakule. Kumbukiraninso amayi amene amaswa miyala ya kwale ndi hamala m'mbali mwa misewu yathu, opanda chotchinga m'maso, mwana ali kumbuyo. Iwo alibe wowayeza, alibenso wowalankhulira.

Tikukumbukira anthu 89 amene anafa ku Mufulira mu 1970 matope otsala pogaya atagumukira mumgodi, ndi nsomba za mu Kafue zimene zinafa mu 2025 damu la zotsalira litaphulika. Pamene Malawi akukonzekera kukumba ku Kangankunde ndi ku Kasiya, patsani atsogoleri athu mtima wolimba, asasaine pangano loiwala mitsinje, minda ndi mapapo a anthu.

Aliyense wopita ku shifiti lero, mubwezereni kwa ana ake ali wamoyo ndi wathanzi. Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.