Gombe la Mtsinje Nla Yani?

Pali funso limene a kumidzi ndi a m'tauni omwe ayenera kulisinkhasinkha, ndilo ili: munthu akalandira munda wofika kumtsinje, kodi ayenera kulima kufikira khasu lace likhudza madzi? Ambiri ayankha msanga nati, Mundawo ngwanga, anandipatsa amfumu. Wina alowererapo bwanji? Koma tiyambe tapenya mtsinje umodzi, ndipo pamenepo tiweruze.

Mudi ndiwo mtsinje waung'ono wocokera ku phiri la Ndirande, nupita pakati pa Blantyre, ndi madzi ace atsikira ku Shire. Akulu a lero akumbukira phirilo liri lobvala nkhalango. M'zaka za m'ma 1990 nkhwangwa inatha mitengoyo, ndipo minda inakwera phiri, nitsikanso kufikira pafupi ndi damu la Mudi. Tsopano mvula ikagwa, madzi afiira ngati katondo, pakuti asenza nthaka ya minda yomweyo.

Bango, nsenjere, nsungwi ndi mikuyu zomera pagombe siziri chire lacabe ai. Mizu yace imanga dothi monga ulusi umanga nsaru. Mapesi ace aletsa liwiro la madzi ocokera kumunda, kuti matope atsale kumtunda. Mthunzi ndi masamba ogwa zisunga cinyontho, kuti khwawa lisaphwe msanga m'cilimwe. Munthu akazizula, gombe ligumuka caka ndi caka, ndipo mizere iwiri imene anapindula mtsinje uilanda pamodzi ndi ina isanu.

Koma tisafulumire kutsutsa wolima dimba. M'caka ca 1949, pamene mvula inakanika ndi njala yaikuru inagwa m'dziko la Blantyre, nthaka yonyowa ya m'mbali mwa mitsinje inali cuma coposa ndalama. Ngakhale lero mkazi wamasiye wosenza dengu la mpiru ndi matimati kunka nalo ku msika wa Limbe adyetsa ana ace ndi dimba lomwelo. Boma la Azungu linaika lamulo la kusunga nthaka m'caka ca 1946, ndipo anthu analipitsidwa cifukwa ca mizere ndi magombe. Koma popeza lamulolo linadza ndi ukali, anthu analida, nadananso ndi nzeru imene inali m'kati mwace. Cotero tiphunzira kuti mantha sangathe kusunga gombe; cosunga gombe ndico cikumbumtima.

Nanga cikumbumtimaco citi bwanji? Citi, Mundawo ngwako ndithu, koma madzi ali mlendo wopitirira, ndipo monga uwalandira kwa wokhala kumtunda, momwemo uwapereka kwa wokhala kunsi. Coipa ca kulima pagombe cibisika cifukwa wopwetekedwa naco sumuona nkhope. Munthu amene sangathe kuba nkhuku ya mnansi wace atha kumtumizira matope pacitsime ndi cigumula pakhomo, nagona tulo osatsutsika mumtima. Koma kusamdziwa munthu sikucepsa msozi wace.

Taonani Blantyre: mitsinje iripo yambiri, koma madzi ocuruka a mzindawo atungidwa ku Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita ngati 40, nakwezedwa phiri ndi makina a magetsi, ndipo mtengo wace ufikira ndi mai wosauka wogula madzi a m'ndowa. Kumbukiraninso mwezi wa March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, ndi matope ndi miyala zinatsika usiku pa nyumba za ku Chilobwe, nizipha anthu ambiri. Sitinena kuti mitengo ikadaletsa mvula yotere, kapena kuti akufawo analakwa koposa ife. Ambiri anamanga pamenepo posowa malo ena. Tinena kuti madzi saiwala khwawa, ndi kuti phiri lobvulidwa ndi gombe lometedwa ziribe cowagwira nao.

Ndipo mlandu suli pa wolima yekha. Wogula makala, wogula mcenga wofukulidwa m'Mudi, womanga ndi njerwa zoocha ndi mitengo ya pagombe, onsewo agwira nkhwangwa imodzi, cinkana manja ao ali oyera.

Ticite ciani tsono, abale? Dimba lisaleke, koma pakati pa mzere wotsiriza ndi madzi patsale mayendedwe angapo a bango ndi nsungwi, amene adzakupatsaninso mphasa ndi malicero. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, mudzi wonse upangane pabwalo la amfumu, kuti wosauka amene asiya mizere yace athandizidwe ndi anzace, asasenze yekha katundu wa onse. Gombe nlanu kulisunga, koma si lanu kulitha, pakuti alipo ena akudza m'mbuyo amene adzafuna kumwa.