Kodi Benchi la mu Tiyirumu Ndi la Yani?

Pafupifupi pa msika uliwonse, pa depoti ya basi ndi m'makwalala a kumene timakhala pali kanyumba kogulitsira tiyi ndi khofi, kamene timakatcha tiyirumu. Muli mbaula, ketulo yaikulu, makapu owerengeka, mandasi ndi masikono m'ndowa yovundikira, ndi mabenchi awiri kapena atatu. Masamba a tiyi mwina achokera ku Thyolo kapena ku Mulanje, khofi kumapiri a Misuku ku Chitipa, koma chimene chimakoka anthu si chakumwa chokha. Ndi malo amene wakabaza, mphunzitsi, mlonda woweruka m'mawa ndi agogo opuma pa ntchito amakhala moyandikana popanda wina kuitana mnzake. Funso limene tikufuna kuliganizira pamodzi ndi ili: munthu akatsegula malo otere, ali ndi udindo wanji kwa osonkhanapo, nanga iwo ali ndi udindo wanji kwa iye?

Malo ngati amenewa si achilendo m'mbiri ya Chipembedzo chathu. Bahá'u'lláh atathamangitsidwa m'dziko la kwawo la Persia, anafika ku Baghdad mu 1853 ndipo anachokako mu 1863. Ali kumeneko ankapita ku nyumba zomwera khofi za mumzindawo, kumene anthu osiyanasiyana ankakumana Naye ndi kumva mawu Ake. Izi zikutisonyeza kuti nkhani zozama za moyo wauzimu zingathe kukambidwa pamene anthu wamba amapumira, kapu ili m'manja.

Bahá'u'lláh anatiphunzitsanso kuti munthu aliyense azigwira ntchito, ndipo ntchito yochitidwa ndi mtima wotumikira ena imawerengedwa monga kupembedza Mulungu. Choncho wokoleza mbaula kusanache, wotsuka makapu ndi madzi aukhondo, wosathira madzi ambiri mu mkaka kuti anyenge ogula, akupembedza. Koma tisamve molakwa. Kutumikira sikutanthauza kugwira ntchito yopanda phindu. Mwini tiyirumu ali ndi lendi, makala, shuga ndi fizi ya ana. Mpamba ukatha mbaula imazima, ndipo ikazima, dera lonse lasowa pokumanirana. Phindu lopezeka mwachilungamo ndilo limasunga chitseko chili chotsegula. Vuto limabwera pamene phindu ndi chifundo zikukokera mbali zosiyana, ndipo izi zimaoneka m'zinthu zitatu.

Choyamba ndi munthu wosagula. Tiyerekeze kuti benchi limakwana anthu asanu, ndipo pakhala agogo amene alibe ndalama, angobwera chifukwa kunyumba kulibe wocheza nawo. Mwini malo akawathamangitsa, malowo asanduka ogulitsira chabe. Akalola aliyense kukhala tsiku lonse, ogula amabwerera pakhomo. Palibe lamulo limodzi lothetsa zimenezi, koma nzeru ilipo. Nthawi ya m'mawa, pamene anthu akuthamangira ku ntchito, benchi ndi la ogula. Dzuwa likakwera ndipo malonda achepa, benchi lomwelo likhoza kukhala la aliyense. Chofunika ndi chakuti wosagula asaone pa nkhope ya mwini malo kuti ndi munthu wopanda pake. Tidzifunsenso za amayi. M'matiyirumu ambiri abambo ndiwo amakhala pansi, amayi amagula n'kumapita. Ngati timakhulupirira kuti amuna ndi akazi ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndiye kuti malo amene mayi kapena mtsikana sangakhalepo momasuka chifukwa cha nthabwala zonyansa sanakhale malo a tonse.

Chachiwiri ndi kabuku ka ngongole. Kuchiyambi kamaoneka ngati chifundo: mnansi alibe ndalama lero, adzalipira mwezi ukatha. Koma taonani chimene chimachitika ngongole ikachuluka. Wokongola uja amayamba kuchita manyazi, amalambalala njira, akakumana ndi mwini malo amayang'ana kumbali. Mwini malo wataya ndalama, watayanso mnzake. Pali kusiyana pakati pa kupatsa ndi kukongoza. Ngati tikudziwa kuti munthu sangathe kubweza, ndi bwino kumuuza kuti, “Imwani, lero ndakupatsani,” osalemba paliponse. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Koma chimene chalembedwa chiyenera kubwezedwa, pakuti kukhulupirika ndi khalidwe limene zolembedwa zathu zoyera zimalikweza kwambiri. Mwini malo adziwe malire a zimene angapatse popanda kudya mpamba, ndipo wokongola akumbukire kuti kapu imene sanalipire ndi shuga wa mawa wa anthu onse.

Chachitatu, chimene chili chovuta kuposa zonse, ndi lilime. Pamene anthu asonkhana pamabuka nkhani, ndipo nkhani yosavuta kuyamba ndi ya munthu amene palibe: banja la uje likutha, mwana wa uje wagwidwa, uje wapeza kuti ndalama zomangira nyumba. Miseche imasunga makasitomala, chifukwa anthu amaitanitsa kapu yachiwiri kuti amve mapeto ake. Koma mu Buku loyamba la Ruhi tinaphunzira kuti miseche imawononga moyo wauzimu wa wonena ndi wa womvera yemwe, ndipo Bahá'u'lláh anailetsa kotheratu. Tiyirumu imene imadyera miseche imagawanitsa dera limene inayenera kuligwirizanitsa, pakuti aliyense wotuluka amadziwa kuti tsopano wotsatira kukambidwa ndi iye. N'chimodzimodzi ndi mikangano ya zipani nyengo ya kampeni, imene ingachititse kuti anthu omwera pamodzi zaka zambiri asapatsanenso moni.

Mwini malo sangatseke pakamwa pa anthu akuluakulu, ndipo kuwadzudzula pagulu kungawathawitse. Chimene angathe ndi kusathirirapo ndemanga, kusafalitsa zimene wamva, ndi kukhotetsa nkhani mwaulemu. Akhoza kufunsa za mjigo umene wawonongeka, za mlatho umene ana amavutika kuwoloka mvula ikagwa, za mnansi amene wagonekedwa ku chipatala ndipo akusowa womuzonda. Anthu omwewo amene amadya miseche ali ndi maganizo abwino pa nkhani zimenezi, amangosowa wowafunsa. Pang'onopang'ono anthu amazolowera kuti pa benchi ili timakamba zomanga.

Tsono benchi ndi la yani? Analigula ndi mwini malo, koma amene amalipatsa tanthauzo ndi onse okhalapo. Ambiri a ife sitidzatsegula tiyirumu, koma tonse timakhala pa benchi la munthu wina. Udindo wathu ndi kulipira zimene tadya, kusuntha pamene ogula achuluka, kupereka moni kwa mlendo amene wakhala yekha kumapeto, ndi kukana kunyamula mbiri yoipa ya mnzathu. Ngati gulu lathu likufuna kukumana pa malo otere, tiyambe takambirana ndi mwini wake za nthawi yoyenera, ndipo tisamuike pa chiyeso chosankha pakati pa ulemu wake kwa ife ndi chakudya cha ana ake.

Mafunso okambirana

1. M'dera lathu, ndi malo ati amene anthu osiyana msinkhu, mtundu ndi chipembedzo amakumana momasuka? Ndani amene sapezekapo, ndipo chifukwa chiyani?
2. Kodi munthu wamalonda angadziwe bwanji nthawi yopatsa, nthawi yokongoza ndi nthawi yokana?
3. Miseche ikayamba ife tili pomwepo, ndi mawu ati enieni amene tinganene kuti nkhani isinthe popanda kuchititsa munthu manyazi?