Kodi Chabwino Chochitidwa ndi Mtima Wina Ndi Chabwinobe?

M'dziko la America masukulu aukachenjede amapikisana pa mpira wao wogwira ndi manja, ndipo nyengo ya mpirawo ikatha, magulu amene apambana amaitanidwa ku masewera aakulu a pa chaka chatsopano. Ena mwa masewerawa ndiwo Sugar Bowl, a mu mzinda wa New Orleans. Pa masewera a pa 2 January 1956 anaitana sukulu ya Georgia Tech ndi ya Pittsburgh.

Tsono m'gulu la Pittsburgh munali mnyamata mmodzi wakuda, dzina lake Bobby Grier, ndipo kufikira nthawi imeneyo munthu wakuda anali asanasewerepo mu Sugar Bowl. A Pittsburgh ananenetsa kuti sapita popanda iye. Pa 2 December 1955, tsiku lotsatana ndi lija anamanga Mai Rosa Parks ku Montgomery chifukwa chokana kupatsa Mzungu mpando m'basi, Bwanamkubwa wa Georgia, Marvin Griffin, anatumiza lamya kwa akuluakulu oyang'anira masukulu kuti aletse Georgia Tech kukasewera. Usiku womwewo ophunzira a pa sukuluyo, onse Azungu, anakhamukira ku nyumba ya malamulo ndi kunyumba ya Bwanamkubwa mu Atlanta, natentha zidole za chifaniziro chake. Mkulu wa sukulu, Blake Van Leer, nayenso anakana kubweza mau amene anapangana. Akuluakulu aja analola ulendo.

Apa ndipo pagona funso. Ambiri mwa ophunzirawo sanadzuke usiku chifukwa chomvera Grier chisoni ai; anafuna mpira wao ndi ulendo wao wa ku New Orleans. Sukulu yao yomwe inali yosalandira munthu wakuda, ndipo inayamba kutero mu 1961. Nanga ayenera kuyamikidwa?

Pali ena amene amati ntchito yotere ndi yachabe, pakuti mtima wake ngwopotoka. Amenewa alankhula mopitirira. Munthu akavuula mnzake m'madzi chifukwa womirayo ali naye ngongole, wovuulidwayo wapulumuka ndithu, ndipo ana ake sakhala amasiye. Momwemonso Grier analowadi m'bwalo pamaso pa anthu pafupifupi 80,000, nathamanga ndi mpira mtunda woposa wina aliyense tsiku limenelo. Zimenezi palibe angazifafanize. Koma wovuula uja, ngongole ikabwezedwa, sadzalumphiranso m'madzi. Cholinga sichiononga zabwino zimene zachitika kale, koma ndicho chimanena ngati zidzachitikanso mawa. N'chifukwa chake kulimbika kwa a Pittsburgh, amene anali okonzeka kutaya ulemu ndi ndalama za masewerawo chifukwa cha mnzao mmodzi, kulemera koposa chipolowe cha ku Atlanta, ngakhale chipolowecho ndicho chinamveka kwambiri m'manyuzi.

Masewerawo anatha mowawitsa mtima. Chakumayambiriro woweruza anati Grier wakankha mdani amene anali kuwakha mpira, ndipo anauika mpirawo yadi imodzi yokha kuchokera pa mzere wogoletsera. A Georgia Tech anagoletsa pomwepo, napambana 7 kwa 0. Grier anakana mlanduwo ndi misozi. Ngati woweruza analakwa, nkovuta kumuimba mlandu wa tsankho, pakuti oweruza mpira amaphonya tsiku ndi tsiku. Komabe katundu wa tsikulo anagwera yemweyo amene anali atasenza kale wambiri.

Khomo limene linatsekuka chifukwa chokonda mpira silinachedwe kutsekeka. Mu July 1956 boma la Louisiana linaika lamulo loletsa akuda ndi Azungu kusewera pamodzi, ndipo Bwanamkubwa Earl Long analisaina. Ku Atlanta sikunamveke chipolowe china, popeza lamulolo silinalande Georgia Tech kanthu. Bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linathetsa lamulolo mu 1959, koma anyamata akuda anabwereranso mu Sugar Bowl pa 1 January 1965, pamene sukulu ya Syracuse inadza ndi Floyd Little ndi Jim Nance.