Kodi Kufuna Golide Mongosewera N'kupusa?

Pa 24 January 1848, mmisiri wa matabwa, dzina lake James Marshall, anatola timiyala tonyezimira pa mtsinje wa American, ku Coloma, m'dera la California. Timiyalato tinali golide. Mbiri itawanda, anthu zikwizikwi anasiya minda ndi mabanja awo nathamangira kumapiriko. Eni dzikolo anapirikitsidwa, ambiri naphedwa. Marshall mwini wakeyo anamwalira ali mmphawi mu 1885.

Lero alendo amafika pa mtsinje womwewo kudzafuna golide mongosewera. Munthu amatapa mchenga m'mbale, naizunguza m'madzi monga mayi wopeta mphale m'lichero. Popeza golide amalemera kuposa madzi ka 19, amatsalira pansi, mchenga n'kukokoloka. Tsiku lonse munthuyo ali chiweramire, mapazi ali zii m'madzi a m'phiri, ndipo kawirikawiri amapeza tinyenyeswa tosakwanira kugula ngakhale chakudya cha tsikulo.

Ena amati thukuta losabala chakudya n'kupusa. Mawuwa ali ndi nzeru ndithu, makamaka kwa munthu amene nkhokwe yake ili mbee. Komatu wosewerayu ali nacho chinthu chimene anthu a mu 1849 aja analibe. Dzuwa likapendeka amatsuka mbale yake, naseka, napita kwawo. Iwo aja sankatha kuchoka, pakuti mtima unkati mawa, mawa.

Tsono mayeso ake enieni sanafike. Nanga tsiku lina atapeza m'mbalemo golide wamkulu ngati dzira la nkhunda, kodi madzulo ake adzachokanso pa mtsinjepo akuseka?