Mphamvu za nthawi ya ngozi zasowa mlonda

Dziko lino lazolowera maliro a ngozi, ndipo kuzolowerako kwatibweretsera nthenda ina. Mtsogoleri wa dziko akangolengeza pa wailesi kuti maboma akutiakuti ali pangozi, pakamwa pathu pamatsekeka. Ndalama zimayamba kuthamanga, katundu amagulidwa popanda ogulitsa kupikisana, bwanamkubwa ndi anthu ake amalamula kuti msika utsekedwe, sukulu isanduke kampu, mudzi usamuke. Zambiri mwa izi n'zoyenera, chifukwa mayi amene nyumba yake yapita ndi madzi sangadikire msonkhano wa makhansala. Chondiwawa n'chakuti madzi akaphwa palibe amabwerera kukafunsa kuti mphamvu zija zinagwira ntchito yanji, ndipo zinathera pati.

Ife Amalawi sitinayenera kuchita kuphunzitsidwa zimenezi. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa wa atsamunda Robert Armitage analengeza kuti Nyasaland ili pa chiopsezo, ndipo tsiku lomwelo asilikali anaombera anthu padoko la Nkhata Bay, amene anasonkhana pofuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Chaka ndi chaka timapuma ntchito pokumbukira magazi amenewo. N'chifukwa chake olemba malamulo aakulu a dziko mu 1994 anamanga mpanda wolimba pa gawo 45: kulengeza kuti dziko lili pa chiopsezo kuvomerezedwe ndi komiti ya chitetezo ya Nyumba ya Malamulo, kukhudze dera lokhalo pomwe pali vuto, ndipo kuthe pakapita masiku 21 pokhapokha aphungu ataonjezera. Anthu amenewo ankadziwa kuti wolamula akapatsidwa mpata, kubweza kumamuvuta.

Koma atsogoleri athu sadzera khomo limenelo. Amadzera la malamulo a ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene anayamba mu 1991 napolo atasesa midzi ku Phalombe. Malire a kuzemba gawo 45 kotereku tinawaona mu Epulo 2020, nduna ya zaumoyo Jappie Mhango italengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha Covid-19. Palibe anali atanena kuti wogulitsa tomato adya chiyani masiku amenewo. Mavenda anatuluka m'misewu ya Limbe ndi Mzuzu, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linathamangira kukhoti, ndipo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso m'bindikirowo usanayambe. Pambuyo pake oweruza atatu anagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankatsutsana ndi malamulo aakulu a dziko.

Tinaomba m'manja, ndipo kunali koyenera. Komatu khoti lalikulu lili kutali ndi mayi wokazinga mandasi pa msika wa kumudzi. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, kugulitsa zakudya zophikaphika kunaletsedwa m'malo ambiri, ndipo sinditsutsa chiletsocho. Ndikufunsa za mayi amene alandidwa beseni lake ndi alonda a khonsolo: akadandaule kwa yani? Chiletsocho chinalembedwa pati, chidzatha liti, wochichotsa ndani? Iye amangomva chinkuzamawu chikudutsa pa galimoto. Loya alibe, ndipo amene wamulanda ndi yemweyo woti akamudandaulire.

Mlonda woyamba wa mphamvu za khonsolo amayenera kukhala khansala, munthu wosankhidwa ndi anthu a m'dera. Umu ndi mmene lamulo la maboma ang'ono la 1998 linaganizira, pamene tinkaimba za mphamvu ku anthu. Tinasankha makhansala mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, mpaka chisankho cha 2014. Mkati mwa zaka zimenezo, mu 2010, lamulo linasinthidwa kuti mabwanamkubwa azisankhidwa ndi nduna, ndiponso kuti aphungu azivota m'makhonsolo. Tinakhala chete. Mbadwo wonse wa ogwira ntchito m'makhonsolo unakula osadziwa kufunsidwa ndi munthu wa kumudzi, maso ali ku Capital Hill. Makhansala atabwerera anapeza mipando ilipo, koma makiyi a ndalama ali m'thumba la ena. Ndiyeno ena mwa iwo, m'malo molimbana kuti aone mabuku, analimbana kuti dzina lawo lisasowe pa pepala la alawansi.

Zipatso zake tinazikolola pa Covid-19. Martha Chizuma, ali Ombudsman, anatulutsa lipoti losonyeza kuti ndalama zambiri za gulu loyendetsa ntchito yolimbana ndi matendawa zinathera m'maalawansi. Mu Januwale 2021 matenda anakula mpaka anatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, amene anali nduna ya maboma ang'ono. Anthu ankafa akusowa mpweya wa m'mabotolo. M'masiku omwewo ndi pomwe kunamveka za kusakazidwa kwa K6.2 biliyoni ya ntchito yolimbana ndi Covid-19, ndipo kafukufuku atachitika anapeza kugula katundu mosatsata njira, maalawansi osayenera ndi ndalama zosalongosoka, m'maunduna ndi m'makhonsolo momwe. Nduna Ken Kandodo anachotsedwa, mabwanamkubwa anaimitsidwa, anthu anamangidwa. Koma taonani: zonsezi zinaululika kuchokera ku Lilongwe, ndalama zitadyedwa kale. Kumaboma, kumene ndalamazo zinkagawidwa maso a anthu akuona, belu silinalire.

Apa ndi pamene mtima wanga umasweka, chifukwa mlandu suli pa mabwana okha. Tasanduka anthu oona ngozi ngati nyengo yokolola. Galimoto ya thandizo ikamveka, komiti ya m'mudzi yoona za ngozi imakhala pansi kulemba mndandanda wa opindula, ndipo mayina a achibale a mfumu amatsogola pomwe agogo amene denga lawo linagwadi atsala. Oona amadziwa, koma sayankhula, poopa kuti ulendo wina dzina lawo lidzafufutidwa. Wofunsa amatchedwa wosayamika, kapena wa chipani china. Kale kudya za pa maliro chinali chinthu chamanyazi chimene munthu ankanyozedwa nacho moyo wake wonse. Lero wodya za anthu a m'kampu timamutcha wochenjera, ndipo akamanga nyumba ya malata timapita kukamuyamikira.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope a phiri la Soche anakwirira mabanja ku Chilobwe, midzi inakokoloka ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pokhala. Chaka chomwecho aphungu anavomereza lamulo latsopano la ngozi m'malo mwa lija la 1991. Tilinso ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Malamulo alipo. Chosowa ndi khansala woti aimirire pa msonkhano wa khonsolo n'kunena kuti matumba a ufa amene analowa m'boma lino awerengedwe poyera, mndandanda wa olandira umatidwe pa khoma la sukulu, ndipo chiletso chilichonse chikhale ndi tsiku lothera. Chosowa ndi anthu a m'dera lake oti amuperekeze tsiku limenelo, ngakhale akudziwa kuti bwanamkubwa awaona nkhope.