Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi

Akulu amatchula mwambi uwu mnyamata akamanga katundu kuti akaone kwina, ndipo kuno ku Mangochi ungaumve potsazikana ndi wopita ku Joni. Koma ine ndimauona ukupherezeka mwa mwana amene sanatulukepo m'mudzi mwawo. Mnyamata wa zaka 12 wa kwa Makanjira kapena ku Malindi m'mawa amakhala m'kalasi, masana ali ku madrasa pamaso pa mwalimu, usiku wina ali pamadzi ndi amalume ake kusaka usipa. Tchuthi chachitali chikafika, alowa kundagala kukavinidwa jando. Aphunzitsi ake ndi anayi, ndipo aliyense wa iwo akudziwa bwino lomwe munthu amene akufuna kuumba.

Nkhaniyi ndikuilozetsa kwa amene amakonza silabasi ya filosofi ya maphunziro, phunziro limene ofuna digiri ya uphunzitsi amakumana nalo, kaya ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Domasi, kapena ku DMI St John the Baptist konkuno ku Mangochi. Phunziroli limafunsa mafunso akuluakulu: timaphunzitsiranji ana, wophunzira weniweni ndi wotani, nanga ndani ali ndi mphamvu yosankha zimene mwana adziwe? Mabuku ambiri a phunziroli amayamba ndi Plato, n'kudzera kwa Rousseau, kufika kwa Dewey, kenako kumapeto, nthawi itatha kale, kachigawo kamodzi ka "maphunziro a makolo a mu Afirika". Wophunzira amaloweza mayina, nakhoza mayeso, n'kutumizidwa ku Namwera. Kumeneko amakapeza kuti theka la kalasi lasowa chifukwa zinamwali zachedwa kutuluka, ndipo palibe tsamba limene linamukonzekeretsa kukambirana ndi anakanga, akuluakulu a jando. Iye amangoti makolo a kuno sakonda sukulu.

Mawu amenewo ndi olakwika, ndipo silabasi yabwino ikanamuthandiza kuona kulakwa kwake. Mbiri ya dera lino ikuonetsa kuti makolo anaganizapo mozama za sukulu. Mishoni ya Livingstonia inakhazikika koyamba ku Cape Maclear mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gululo, isanasamukire ku Bandawe mu 1881. Achingilikani a UMCA analumikiza sitima ya Chauncy Maples kwa Mponda, n'kuiika pamadzi mu 1901, ndipo inkayendera masukulu a m'mbali mwa nyanja, ena n'kumaphunziriramo uphunzitsi. Ku Malindi kunadzakhala koleji ya aphunzitsi ya St Michael's. Masukulu amenewa anatulutsa anthu odziwika. Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Chingilikani, amene anali nduna ya maphunziro mu 1964, anachokera m'banja la mishoni yomweyi. Koma sukulu ya mishoni inali khomo la ubatizo. Kholo lachisilamu linkaona kuti mwana akalowa kumeneko abwerako ndi dzina lina, chipembedzo china, mwina osasalanso zimene kwawo amasala. Ambiri anasankha madrasa. Chinali chiganizo cha anthu amene anadzifunsa funso lomwe Plato anadzifunsa, lakuti mwana adzakhale munthu wotani, n'kuliyankha mwa njira yawo. Chinawapweteka pambuyo pake, pakuti ntchito za boma zinkapita kwa odziwa Chingerezi, ndipo chilonda chimenecho sichinapoleretu. Mu 2000 boma litafuna kuika phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana m'malo mwa Bible Knowledge m'masekondale, mipingo inakana, mpaka Pulezidenti Bakili Muluzi anaimitsa kaye silabasiyo. Mu 2021 bungwe la Public Affairs Committee linachita kukhalitsa pansi Akhristu ndi Asilamu kuti agwirizane za hijabu m'masukulu a mipingo. Mphunzitsi wobwera ku Mangochi osadziwa zimenezi amaponda pabala la anthu osazindikira.

Ndiye ine ndikanati chaka choyamba cha phunziroli chiyambire pa maiwe amene mwana akukuliramo kale. Wophunzira apite ku madrasa, akhale pansi, aone chifukwa chake kuloweza kumalemekezedwa kumeneko, ndi chifukwa chake mwana sadutsa pamaso pa shehe mwachisawawa. Akabwerako awerenge al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111 atalemba zambiri za udindo wa mphunzitsi ndi wa wophunzira. Kodi ndi aphunzitsi angati a m'boma lodzala ndi mizikiti lino amene anamvapo dzina limeneli m'kalasi? Apitenso padoko akacheze ndi siginala, munthu woyatsa nyali pa usodzi wa ukonde wa chilimira, amene amadziwa poima usipa poona mphepo, mwezi ndi mtundu wa madzi, ndipo akalakwitsa alovi onse amabwerera chimanjamanja. Pamenepo buku la Dewey la mu 1916, lonena kuti munthu amaphunzira pochita, lidzamveka msanga, ndipo wophunzira adzatha kufunsa ngati Dewey anaona zonse zimene siginala amaona.

Sindikunena kuti tizingoyamikira za kwathu. Filosofi yosafunsa mafunso opweteka ndi mwambo wa chinamwali chabe wovala jekete. Ku nsondo atsikana amalangizidwa ulemu, ukhondo ndi kupirira, koma m'madera ena amatulukako atauzidwa kuti tsopano akula, ena n'kusiya sukulu kukakwatiwa, pamene malamulo aakulu a dziko lino kuyambira 2017 salola ukwati munthu asanakwane zaka 18. Nyanja imaphunzitsa luso, komanso imameza anyamata a sitandade 5 amene alawa ndalama ya usiku umodzi. Sukulu ya boma nayo iyankhe mlandu wake: mwana woyankhula Chiyao kunyumba amaphunzitsidwa m'zinenero ziwiri zimene sanayamwire, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Zonsezi ziikidwe pabwalo limodzi, zifunsidwe mafunso ofanana. Otithandiza kufunsa alipo: Didier Kaphagawani wa ku Chancellor College analemba za mmene Achewa amaonera munthu, Augustine Musopole anafukula za umunthu, ndipo Julius Nyerere mu 1967 anadandaula za sukulu yochotsa mwana pakati pa anthu ake.

Mwambiwu ukukhudzanso wophunzira uphunzitsiyo. Naye asakulire dziwe limodzi. Plato awerengedwe ndithu, ndi Paulo Freire wa ku Brazil yemwe, amene anatsutsa zosandutsa wophunzira nkhokwe yongothiramo mawu a mphunzitsi. Chimene ndikukana ndi dongosolo lokha, loyambira ku Athens n'kufika ku Mangochi mpweya utatha. Munthu amene wayamba wamva mkangano wa kwawo amawerenga alendo ali ndi mafunso ake m'manja, ndipo amadziwa pomwe akugwirizana nawo ndi pomwe akusiyana nawo.

Mayeso nawonso asinthe. M'malo mongofunsa matanthauzo oloweza, wophunzira apatsidwe nkhani yeniyeni: bambo wa ku Chembe wachotsa mwana wake sukulu kuti azimuthandiza pa ukonde, ndipo akunena kuti omaliza fomu 4 angokhala m'mudzi opanda ntchito. Umuyankha chiyani, ndipo pa zimene wanenazo zoona ndi ziti? Amene angayankhe bamboyo mwaulemu, osamunamiza komanso osamunyoza, ndiye wakhoza.

Inu amene mumakhala m'makomiti okonza masilabasi, musanalembe mutu woyamba, bwerani kunyanja kuno. Itanani mashehe, ansembe, anakanga, anamkungwi, mafumu ndi a makomiti a m'madoko, muwafunse kuti mwana wophunzira bwino amaoneka bwanji. Sadzagwirizana, ndipo kusagwirizana kwawoko mukulembe m'silabasi monga momwe kulili.