Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Nkhono ukaikhudza mwaphuma imabweza nyanga zake n'kulowa m'chigoba. Maso ake ali kunsonga kwa nyangazo, choncho wofuna kuwaona ayenera kukhala phee mpaka itatulutsa yokha mutu. Poponya mwambiwu, makolo ankatanthauza kuti zinthu zobisika sizionekera munthu wopupuluma.

Mtima wa munthu umabisika ngakhale kwa mwini wake. Wina amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, wina amathetsa chibwenzi chikangoyamba kukoma, wina amanjenjemera akaona bwana. Ukawafunsa chifukwa, amangoti, "Ndi chibadwa changa."

Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna amene anabadwa mu 1856, sanakhutire ndi yankho lotere. Mu 1895 iye ndi Josef Breuer anatulutsa buku lofotokoza za odwala amene ankapeza bwino akalankhula zowawa zimene anazikwirira kalekale. Apa ndi pamene panaphukira chithandizo chotchedwa psychoanalysis. Wofuna thandizo amagona pa sofa, dokotala amakhala chakumutu kumene sakuoneka, ndipo lamulo ndi limodzi: nenani chilichonse chimene chabwera m'maganizo, ngakhale chochititsa manyazi. Maloto, mawu opulumuka pakamwa ndiponso nkhani zimene munthu akuzilambalala, zonsezi dokotala amazitchera khutu.

Kudekha kwake ndi kwakukulu. Awiriwa amakumana pafupifupi mphindi 50, kangapo pa sabata, nthawi zambiri kwa zaka. Freud anaona kuti nkhani ikayandikira pa chilonda, munthu amangoti zii, amasintha nkhani kapena kuiwala tsiku lokumana. Dokotala wanzeru samukakamiza. M'kupita kwa nthawi, mantha amene munthuyo ankachita ndi bambo ake amayamba kuchita ndi dokotala, ndipo zikatero awiriwa amaona limodzi gwero la khalidwe lija. Wodziwa gwero amatha kusankha njira ina.

Mwambiwu sukunena kuti tizidekha pa chilichonse. Munthu amene akuganiza zodzipha apite naye kuchipatala lero lomwe. Chithandizochi n'chokwera mtengo, ndipo akatswiri ena amatsutsa zambiri zimene Freud anaphunzitsa. Komabe phunziro lakuti munthu samasuka pomukalipira koma pomumvetsera modekha ndi loona.

Inu amene mukufuna kudzidziwa, pezani mlangizi wophunzitsidwa bwino ntchitoyi, ndipo musadziweruze msanga. Inunso amene mnzanu wayamba kukuululirani zakukhosi, musamudule mawu, mulekeni amalize.